Wodandaula Akanangobwera

Ku Area 25 kuno mukafunsa za mayi Edna NyaKayira, ena ayamba kukanda mutu, koma mukangoti Madamu Mafuwa, ngakhale wogulitsa makala pamphambano akulozerani nyumba. Dzinalo anawapatsa ndi ana asukulu. Zaka makumi awiri ndi ziwiri akhala akuphunzitsa za dziko ndi malamulo ake pasekondale ina yakuno, ndipo zaka zonsezo patebulo pawo pamakhala miyala itatu yopaka laimu. Woyamba ndi Nyumba ya Malamulo, wachiwiri ndi boma loyendetsa zinthu, wachitatu ndi makhoti. Akafika pamutu umenewo amasanjika kapoto pamiyalapo, kenako n'kusolola mwala umodzi, kapoto n'kugubuduka, kalasi yonse n'kufa nacho chiseko.

"Wopanga lamulo asakhale woweruza, woweruza asakhale wogwira ndodo," amatero Madamu akutola kapoto pansi. "Munthu mmodzi akangonyamula zonse zitatu, dziko latayika."

Gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko, lija lonena za ufulu wa munthu womangidwa, ana awo amaliloweza ngati vesi la ku Sande sukulu. Womangidwa auzidwe chifukwa chake. Asakakamizidwe kuyankhula. Aonekere kukhoti pasanathe maola 48. Mwana wa Madamu mukhoza kumudzidzimutsa kutulo, akuuzani zonsezi asanatikite m'maso.

Tsono m'dera lomwe Madamu amakhala muli kiyosiki ya madzi, ndipo kiyosikiyo ili ndi komiti yake. Malamulo a komitiyo analemba ndi Madamu omwewo, masamba awiri a dzanja lawo lokongola lija, n'kuwamata pazenera kuti wodzatunga aliyense aziwerenga. Lamulo lachitatu linkati wapampando azikhala zaka ziwiri, ndipo asapitirire maulendo awiri. Lachisanu linkati munthu asalangidwe asanamvedwe. Pamene izi zinkachitika, Madamu anali m'chaka chawo chachisanu ndi chinayi pampando. Sikuti anabera chisankho, ayi. Nthawi ikakwana anthu ankangoti pitirizani Madamu, ife tilibe nthawi, ndipo iwonso, tinene zoona, mpando unali utawakoma. Kiyi wa loko wa pampope ankasunga ndi iwo. Milandu ya pamzere, ya uyu wandidumpha, uyu wandigwetsera ndowa, ankaweruza ndi iwo, kawirikawiri ali chiimire pakhonde ndi kapu ya tiyi m'manja.

Mlandu wa Vaileti unaweruzidwa momwemo. Wina anabwera kudzanena kuti mkazi wa Pemphani Masiye wachapa thewera la mwana pafupi ndi mpope. Madamu sanamuitane. Anangouza mayi Zulekha, ogulitsa madzi pakiyosikipo, kuti Vaileti asatunge kwa masabata awiri. Masabata awiri mayi wamwana wakhanda ankatsika kudambo kukatunga madzi a pachitsime, madzi oti ngakhale bakha amayamba waganiza.

Msonkhano wa komiti ndi anthu onse unachitika Lachisanu masana, pansi pa mtengo wa mthethe kuseri kwa kiyosiki. Zonse zitakambidwa, Madamu anafunsa mwachizolowezi ngati pali wina ali ndi mawu. Dzanja la Pemphani linakwera. Anali munthu wa ku Thyolo, wamfupi, wamapewa otakata, wa lendi m'kachipinda kamodzi. Nyengo ya fodya ankanyamula mabelo ku Kanengo, miyezi inayo ankangodalira maganyu. Anavula chipewa, n'kutulutsa kapepala m'thumba.

"Zikomo a wapampando. Ine sukulu ndinalekeza sitandade sikisi, ndiye mundikhululukire ngati ndiwerenge mokhota. Izi ndakopera pazenera apo."

Anawerenga lamulo lachitatu. Anawerenga lachisanu, chala chikuyenda pansi pa liwu lililonse. Kenako anapinda kapepala kake.

"Akazi anga ankatsuka ndowa, osati thewera, koma palibe anawafunsa. Ndiye funso langa ndi ili. Lamulo munalemba ndinu. Mlandu munaweruza ndinu. Kiyi wa loko alinso m'chikwama chanu. Ife timamva kuti kusukulu muli ndi mafuwa atatu. Kodi kuno munangobweretsa limodzi?"

Anthu anayesa kudzigwira, koma wina kumbuyo anaphulika, basi onse anagwa nacho chiseko. Mayi wina mpaka analuluta. Kusekedwa ndi ana m'kalasi Madamu anakuzolowera, koma kusekedwa ndi makolo a ana omwewo, chifukwa cha munthu wonyamula mabelo, zinawalowa mpaka m'mafupa. Chinawawawa kwambiri n'chakuti panalibe liwu limodzi labodza pa zomwe ananenazo. Anatseka msonkhano opanda pemphero.

Atafika kunyumba sanavule n'komwe nsapato. Anatulutsa foni n'kuimbira Wakisa. Wakisayu anali mwana wawo wa m'kalasi zaka zapitazo, wa ku Karonga, wa mpingo umodzi ndi iwo, amene pa phunziro la Madamu sankapitidwa ndi wina aliyense. Tsopano anali wapolisi pa kapolisi kena kakang'ono ka mbali yakuno, dzina la kapolisiko tisalitchule.

"Wakisa mwana wanga, kuli munthu kuno wandinyoza pagulu. Sindikufuna mlandu, sindikufuna zolembalemba. Ungomusunga usiku umodzi basi, aphunzire ulemu, mawa m'mawa umutulutse."

Wakisa anafunsa mosamala.

"Madamu, nanga m'buku tilemba kuti walakwa chiyani?"

"Ndati usalembe kanthu. Kodi ndikufuna kumuonongera mbiri ine? Usiku umodzi."

"Chabwino, Madamu."

Dzuwa lisanalowe Wakisa anamutenga Pemphani. Akuti anamupeza pakhomo akuchapa ovolosi yake ya kuntchito, ndipo anapita manja ali ndi thovu. Madamu atamva, anadya chakudya chamadzulo bwinobwino, tisaname, mpaka anaonjezera ndiwo.

Loweruka m'mawa akusesa pakhonde, anaona Vaileti akulowa pageti, mwana kumbuyo, mayi Zulekha akumuperekeza. Mayi Zulekha ndi munthu wabwino, koma nkhani ikalowa m'khutu mwawo m'mawa, pofika masana imakhala itatungidwa m'ndowa zonse za m'dera. Vaileti anagwada pasimenti.

"Madamu, ndabwera kudzapepesa. Bambo a Salama analakwa, pakamwa panawathawa. Muwakhululukire. Lolemba seveni koloko akuitana maina pageti ku Kanengo, fodya wayamba. Dzina lawo lilipo, anakaliona okha pachikwangwani. Koma kumeneko sadikira munthu. Akaitana katatu osayankha, amalowetsa wina pompo, ndipo chaka chimenecho chapita. Miyezi isanu ndi umodzi akhala akudikira tsiku limeneli."

Apa mpomwe Madamu akanati dzukani amake Salama, ndine ndachita izi, tiyeni tikamutenge. Mawuwo anafika pakhosi. Koma anaona maso a mayi Zulekha, anakumbukira kululuta kuja, ndipo bodza linatuluka lokha, losalala, ngati linagona likudikira.

"Ine? Amake Salama, mukundiyesa munthu wotani? Ine wophunzitsa ufulu wa anthu ndikamangitse munthu chifukwa cha funso? Sindikudziwapo kanthu. Mwina ndi nkhani ina. Dzukani, ndivale, tipitire limodzi tikamve."

Vaileti anawomba m'manja kuthokoza, ndipo kuwombako kunawabaya Madamu kuposa chiseko chadzulo. Madamu analowa kuchipinda, n'kuimbira Wakisa mwakachetechete. Mumtima ankati mwina wamutulutsa kale, tikumana naye panjira. Foni inati nambala yomwe mwaimbayi siikupezeka. Anaimbanso kachiwiri, kachitatu. Chimodzimodzi.

Pakauntala ya polisi anapeza sajeni wachikulire akusenda mtedza wophika. Kumbuyo kwake, pashelefu, panali nsapato, malamba ndi zipewa za anthu a m'chitokosi. Vaileti anazindikira chipewa cha mwamuna wake, n'kuyamba kulira mopanda phokoso. Sajeni anatsegula buku lalikulu, kuyendetsa chala kutsika, kubwereranso kukwera.

"Masiye, Masiye. M'buku mulibe."

"Nanga chipewa icho?" anafunsa Madamu.

"Sindinati munthu mulibe, mayi, ndati m'buku mulibe. Ameneyo ndi wa Wakisa. Anamubweretsa dzulo, akuti ndimuona m'mawa. Koma Wakisayo akuluakulu amutenga m'bandakucha, apita naye kuntchito ina kumalire, kumene foni siigwira. Mwina abwera Lachinayi."

Madamu anachita chomwe amadziwa kuchita: anaimika khosi n'kuyamba kuphunzitsa. Anatchula gawo 42, anatchula maola 48, anati munthu sangasungidwe osauzidwa mlandu, anati ufulu woyankhula uli m'gawo 35 ndipo palibe angaulande. Sajeni anamvetsera mwaulemu mpaka anamaliza, akutafuna.

"Zonsezo n'zoona, mayi, ndipo inenso sizikundisangalatsa. Koma Wakisa si wamisala woti angotola munthu pamsewu. Pali wina anadandaula. Ine sindikudziwa ngati ndi nkhani ya nkhuku kapena ya kupha munthu. Ndikamumasula, mawa n'kumva kuti anabaya wina, ndidzalowa ndine m'menemo. Wodandaula ndani? Abwere pano, anene kuti ndine, nkhani yake ndi yakuti, ndaithetsa. Asaine apa. Munthu wanuyo atuluka ndisanamalize mtedzawu."

Anakankhira pepala ndi cholembera pakauntala, osati kwa wina aliyense, kungoziika poyera.

Cholemberacho chinali pafupi ndi dzanja la Madamu, kutalika kwa chala chimodzi. Kumanzere kwawo kunali Vaileti, kumanja mayi Zulekha. Akulu amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo pamenepo wamva m'mimbayo anali Madamu. Koma anaganiza za mpingo, za sukulu, za ana a Fomu 3 amene Lachiwiri anali oti awaphunzitse mutu womwewu. Anaganiza kuti ndibwera ndekha madzulo, kapena mawa, popanda maso awa. Nthawi ilipo, Lolemba lili kutali.

"Timufufuza wodandaulayo," anatero, mawu awo ali bwinobwino.

Sajeni anabweza pepala lake m'kabati.

Madzulo a Loweruka sanapite. Anavala, anafika pageti, anaona mayi Zulekha ali pakiyosiki moyang'ana msewu, n'kubwerera m'nyumba. Pakadafunda padajiwitsa galu, mwambi umenewu anali ataulemba pabolodi kangapo konse.

Lamulungu kutchalitchi sanamve ulaliki. Maso awo ankasaka anthu awiri. Mapemphero atatha anayamba ndi a Kings, mkulu wampingo amene amagwira ntchito ya ukalaliki ku Nyumba ya Malamulo. Anawakokera pambali n'kufotokoza kuti pali munthu wina wosauka wasungidwa popanda mlandu, kodi sangaimbe foni kwinakwake.

A Kings anaseka mokoma mtima. "Madamu, inu nomwe? Ife kwathu kuja timangopanga malamulo, sititsegula zitokosi. Ndikaimba foni yotero, mwana wanga amene munamuphunzitsa adzandifunsa kuti adadi, mwala wanu ndi uti."

Wachiwiri anali mayi wina wa m'kwaya, amene ndi majisitireti. Iye sanaseke. Anamvetsera akupinda yunifomu yake ya kwaya, n'kunena kuti nkhani yotere ndi yoipa ndithu, ndipo khoti likhoza kulamula kuti munthuyo abweretsedwe kapena amasulidwe.

"Koma osati pano, Madamu, pakhomo pa tchalitchi. Mubwere mawa kukhoti, zilembedwe, mbali zonse zimvedwe. Timayamba naini koloko."

"Naini ndi mochedwa. Akufunika pageti seveni koloko."

"Ndikumva chisoni. Koma ndikayamba kuweruza milandu poimika magalimoto chifukwa wopempha ndi mnzanga wa mumpingo, mawa wina adzandipempha kuti ndimange munthu momwemonso."

Madamu anayang'ana pansi. Mafuwa awo anali chilili, lililonse pamalo pake, monga momwe ankaphunzitsira. Amene anasolola mwala anali iwo, ndi foni imodzi ya mphindi ziwiri.

Kuchoka apo sanapite kunyumba. Anakwera kabaza ndi zovala za kutchalitchi zomwezo mpaka kupolisi, okhaokha. Panjira ankayeseza mawu. Pakauntala sanapeze sajeni uja, anapeza mtsikana wapolisi wa nkhope yatsopano.

"Ndine wodandaula pa nkhani ya Pemphani Masiye. Palibe chomwe analakwa. Ndinakwiya chabe. Ndabwera kudzasaina."

Anadabwa kuti mawuwo ndi afupi chonchi. Dzulo ankaoneka ngati phiri.

Mtsikanayo anatsegula buku, anayang'ana, anatseka.

"Mayi, mukuthetsa mlandu uti? Muno mulibe mlandu. Ine munthuyo sindinamulandire, sindingamutulutse. A sajeni akanatha, ali ndi mphamvu zimenezo, ndipo dzulo anadikira mpaka madzulo, amati mwina wodandaula abwera. Lero apita kumaliro ku Dowa. Abwana afika mawa eyiti koloko."

Madamu anapempha, anachonderera, mpaka anatchula za Kanengo. Mtsikanayo anaimba foni kwa abwana ake kawiri pamaso pawo, koma sinayankhidwe.

"Mukufuna kumuona?" anafunsa potsiriza. "Ndikhoza kumuitanira pachitseko."

Madamu anayang'ana chipewa chija pashelefu. "Ayi," anatero. Ngakhale apa mantha anawapambana, ndipo anadzida nazo njira yonse yobwerera.

Lolemba kunja kukungoyera, Madamu anali kale pamsewu wa ku Kanengo, m'gulu la anthu oyenda pansi ndi apanjinga. Kusukulu sanatsanzike. Sankadziwa bwinobwino chomwe akukachita, ankangodziwa kuti sangaime kutsogolo kwa kalasi seveni koloko ikamakwana. Fungo la fodya linawalandira asanafike. Pageti la kampaniyo panali amuna mazanamazana, ena atakhala pansi, ena atakwera pamiyala, ambiri a iwo a m'dera lawo lomwe. Chakutsogolo, pafupi ndi waya, anaona Vaileti, mwana kumbuyo, chiphaso cha mwamuna wake m'manja.

Kapitawo anakwera pamgolo ndi chimkuzamawu. Ankaitana dzina, munthu n'kuyankha, kuonetsa chiphaso kwa mlonda, n'kulowa. Zinkayenda msanga. Madamu anadzipanikiza pakati pa mapewa a anthu mpaka anafika kutsogolo, duku litapendekeka.

"Pemphani Masiye."

"Alipo," anatero Madamu, ndi mawu awo a m'kalasi aja omveka mpaka kumbuyo.

Kapitawo anatsitsa chimkuzamawu, n'kuwayang'ana kuyambira kuduku mpaka kunsapato. "Inu ndi a Pemphani Masiye?"

Anthu anaseka. Madamu anadikira kuti chiseko chitsike, monga amachitira ndi ana.

"Pemphani Masiye ali m'chitokosi kuyambira Lachisanu. Sanabe, sanamenye munthu, sanalakwe chilichonse. Anandifunsa funso pamsonkhano, funso loona, ine ndinakwiya n'kumumangitsa. Ndine Edna NyaKayira, mphunzitsi. Atuluka lero lomwe, eyiti koloko ikangokwana. Ndikupempha mumusungire malo ake maola awiri okha. Wolakwa ndine."

Madamu anamva dzina lawo la Mafuwa likuyenda monong'ona kuchoka pakamwa kupita pakamwa mpaka kumbuyo. Sanatembenuke kuyang'ana Vaileti.

Kapitawo sanali munthu woipa. Anakanda chibwano, n'kuyang'ana magalimoto a mabelo amene anali atandanda kale mkati.

"Mayi, mwayankhula bwino, koma za kupolisi n'za kupolisi. Ine andituma misana yonyamula mabelo lero, seveni koloko. Ndikasungira uyu, onse awa ali ndi abale odwala, ali ndi abale omangidwa. Lamulo lake ndi katatu." Anakweza chimkuzamawu. "Pemphani Masiye. Pemphani Masiye."

Anadula mzere papepala, n'kutembenuza tsamba kupita ku maina a odikirira. Dzina lomwe anaitana linayankhidwa lisanathe n'komwe. Bambo wina wamtali anathamanga kulowa pageti akupsompsona chiphaso chake, ndipo palibe akanamuda.

Vaileti sanatukwane. Madamu ankalakalaka atatukwana, atawamenya mbama pamaso pa onsewo. Iye anangomanga chiphaso chija pakona ya chitenje, n'kukweza mwana bwino kumsana.

"Loweruka lija munali pomwepo, Madamu," anatero. "Cholembera chinali pafupi ndi dzanja lanu. Ine ndinkakuthokozani."

Anatembenuka n'kuyamba ulendo wapansi.

Kupolisi zinatha mosavuta moti zinachititsa manyazi. Abwana anamva nkhaniyo, anapukusa mutu, anauza Madamu kuti alembe zonse papepala. Analemba, ndipo dzina la Wakisa linayenera kulowamo, mwana amene anafunsa kuti tilemba chiyani m'buku, n'kuuzidwa ndi mphunzitsi wake kuti usalembe. Kenako chitseko chinatsegulidwa. Sizinatenge mphindi zitatu. Pemphani anatuluka atagwira thalauza ndi dzanja limodzi, maso atafiira, akununkha chitokosi. Analandira lamba, nsapato ndi chipewa. Asanayang'ane munthu aliyense anayang'ana wotchi yapakhoma. Inali itadutsa naini.

"Bambo a Salama," anayamba Madamu, "ndine ndinachita izi. Ndikupempha..."

"Ndinadziwa Lachisanu lomwelo, Madamu," anatero mofatsa, akulowetsa lamba. "Zikomo pobwera kudzanditulutsa."

Panalibe chipongwe m'mawu akewo, ndipo n'chimene chinawapweteka.

Masiku otsatira Madamu anayesa zomwe akanatha. Anapita ku Kanengo kawiri kukaonana ndi akuluakulu a kampani, anauzidwa kuti malo adzaza, ayesenso chaka chamawa. Anamuuza Pemphani kuti ali ndi ufulu wokasuma, iwowo ndi apolisi omwe, ndipo adzakaima kukhoti kuvomera zonse. Pemphani anati zikomo, aganiza. Ankadzuka m'mawa kukafuna ganyu yokumba maenje ndi kusenza njerwa, ndipo akakumana ndi Madamu panjira ankavula chipewa akadali patali.

Lachisanu lotsatira Madamu anaitanitsa msonkhano pansi pa mthethe uja. Anthu anabwera ambiri kuposa kale lonse, koma anakhala mwakachetechete ngati pamaliro. Madamu anaimirira, anafotokoza zonse osabisa kanthu, anapepesa kwa Vaileti pa za madzi, anapepesa kwa Pemphani pa za chitokosi ndi ntchito. Kenako anatsegula chikwama, n'kuika kiyi wa loko patebulo.

"Lamulo lachitatu likuti nthawi yanga inatha zaka zisanu zapitazo. Sankhani wapampando wina. Musankhenso anthu ena oweruza milandu, ndi wina wosunga kiyi. Ndani ali ndi mawu?"

Palibe dzanja linakwera. Mayi uja analuluta sabata yatha ankayang'ana zala zakumapazi. Mayi Zulekha, amene sasowa chonena, anali atatseka pakamwa ndi nsonga ya chitenje. Madamu anafunsanso kachiwiri. Anatchula maina a anthu atatu kuti mwina angaime, ndipo onse atatu anakana mofulumira, akuseka kaseko kamantha. Aliyense pamenepo anali atawerenga bwino phunziro la sabata imeneyo: Madamu ali ndi ana awo kupolisi, kukhoti, ku Nyumba ya Malamulo, ndipo lero apepesa, koma mawa ndani akudziwa.

"Bambo a Salama," anatero Madamu, "inu munafunsa funso labwino. Chonde, yankhulani. Pano palibe akugwireni."

Pemphani anaimirira pang'onopang'ono kumbuyo kwenikweni, chipewa m'manja. Thumba la malaya lomwe munali kapepala kaja linali lopanda kanthu.

"Ine ndilibe mawu, Madamu," anatero. "Pitirizani."

"Pitirizani, Madamu," anatero wina. "Pitirizani," anavomera ena, mmodzimmodzi, osawayang'ana kumaso. Kenako anayamba kunyamuka, kukutumula fumbi, kutola ndowa zawo.

Madamu anatsala okha ndi tebulo. Anakhala pamenepo nthawi yaitali, akudikira kuti mwina wina abwerera. Kenako mayi Zulekha anabwera kudzanena kuti nthawi yotseka mpope yakwana, ndipo loko sangasiyidwe wotsegula. Madamu anatola kiyi, anakatseka, n'kumubwezera m'chikwama.